Zitseko Ziwiri za ku Halle

M'mwezi wa May caka ca 2024 Mulungu anandipatsa mwai wokaceza kwa mwana wanga wacisamba amene akucita maphunziro mu mzinda wa Leipzig, m'dziko la Germany. Masiku a ulendo anali owerengeka, ndipo mwanayo anali atakonzeratu malo ambiri oti akandionetse. Koma ine ndinampempha cinthu cimodzi, kuti tsiku lina andiperekeze ku Halle, mzinda woyandikana ndi Leipzig, ndikaone citseko ca nyumba ya mapemphero ya Ayuda.

Iye anaseka nati: "Atate, mwaoloka nyanja ndi zipululu kudzaona citseko? Kodi kwathu kulibe akalipentala?" Ndinamyankha kuti akalipentala aliko ndithu, koma citseko cimene cinaima pakati pa mfuti ndi anthu 51 sicipezeka pali ponse. Pamenepo analeka kuseka, pakuti nkhaniyo anali kuidziwa.

Mzinda wa mcere

Tinakwera sitima m'mamawa, ndipo ulendo unatitengera ngati theka la ola. Dzuwa linali kuwala, koma kunali kamphepo kozizira konga ka mwezi wa June kwathu kuno. Halle uli m'mbali mwa mtsinje wa Saale, m'cigawo ca Saxony-Anhalt, ndipo muli anthu pafupifupi 240,000. Makolo a mzindawu analemera ndi mcere: anali kutunga madzi a mcere m'zitsime ndi kuwaphika m'ziwaya zazikulu mpaka madzi ataphwa. Pa bwalo la msika pali nsanja zisanu, zinai za chalichi ndi imodzi yoima payokha imene amati Roter Turm. Pakati pa bwalolo paima cifanizo ca George Frideric Handel, katswiri wopeka nyimbo amene anabadwira mumzindamo mu 1685. Ifenso a mu Africa tiri ndi dzina lathu kumeneko: Anton Wilhelm Amo, wobadwira m'dziko limene lero ndi Ghana, analowa pa yunivesite ya Halle mu 1727, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pomwepo.

Tsiku limene tinafika, bwalo linali lodzaza ndi ogulitsa maluwa, buledi ndi ndiwo zamasamba, ndipo tisitima toyenda m'miseu tinali kudutsa pakati pa anthu popanda wothamanga kapena wopfuula. Ine maso anali m'mwamba kuyang'ana nsanja. Titalowa m'kanjira kena, mwana wanga anandigwira mkono nati: "Atate, yang'anani pansi. Kuno mbiri ina analemba pansi." Pakati pa miyala ya m'njira panali timapale ta mkuwa, kukula kwake ngati cikhato ca munthu. Pa kali konse panalembedwa dzina la munthu, caka cimene anabadwa, caka cimene anamgwira, ndi malo amene anakafera. Timapaleti amatiika pakhomo pa nyumba imene munthuyo anali kukhalamo asanatengedwe ndi boma la Nazi. Kuti uwerenge dzinalo uyenera kuwerama, ndipo ndinaona kuti kuwerama kumeneko nkoyenera.

Cidani ca makedzana

Ayuda si alendo a dzulo mu Halle. Zolembedwa zisonyeza kuti analimo kale m'zaka za m'ma 1100. Titayenda pang'ono kucoka pa bwalo la msika tinafika pa linga lalikulu la miyala, dzina lake Moritzburg, limene masiku ano ndi nyumba yosungiramo zithunzi ndi zosema. Amene anayamba kulimanga mu 1484 ndi Ernst, Bishopu wamkulu wa ku Magdeburg, amene pa nthawiyo analinso wolamula dzikolo ngati mfumu. Malo amene anasankha ndi pamene kale panali mudzi wa Ayuda. Mu 1493 Bishopu yemweyo anapitikitsa Ayuda onse m'dziko lake, ndipo panapita zaka pafupifupi 200 asanaloledwe kukhalanso mu Halle.

Ndinena izi ndi manyazi, pakuti amene anacita zimenezi sanali akunja. Anali atsogoleri a Eklezia wathu. M'zaka zimenezo Akristu ambiri a ku Ulaya anali kukhulupirira mabodza atatu: lakuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Ambuye Yesu, lakuti amaba ana a Akristu ndi kuwapha, ndi lakuti amathira mankhwala akupha m'zitsime. Pamene mliri waukulu unasesa Ulaya pakati pa 1347 ndi 1351, midzi yambiri ya Ayuda inatenthedwa cifukwa ca bodza la zitsimeli, ngakhale kuti Papa Clement VI analemba kalata mu 1348 yokumbutsa anthu kuti mliriwo unali kupha Ayuda ndi Akristu mofanana. Ife tidziwa mmene zotere ziyendera. Maliro akacuruka pamudzi, anthu safuna kumva za matenda, afuna dzina la mfiti, ndipo kawirikawiri cala ciloza munthu wopanda womteteza.

Ayuda atabwerera anamanga sunagoge wao, ndiye kuti nyumba ya mapemphero, pafupi ndi bwalo lina limene amati Großer Berlin. Anakhala nzika za mzindawo, ena amalonda, ena madokotala, ena aphunzitsi a pa yunivesite. Koma usiku wa pa 9 kucera pa 10 November 1938, pamene a Nazi anatentha masunagoge m'dziko lonse la Germany, wa ku Halle naye anapsa. Lero pafupi ndi malowo pali cikumbutso comangidwa ngati khomo la sunagoge wakaleyo, khomo lopanda nyumba kumbuyo kwake. Tinaima pamenepo kanthawi, zipewa ziri m'manja.

Mmodzi wa akuluakulu amene anatumiza malamulo kwa apolisi usiku umenewo anali Reinhard Heydrich. Lamulo lake linali lakuti masunagoge angathe kutenthedwa, malinga moto usafike pa nyumba za Ajeremani oyandikana nao. Munthu yemweyo ndiye anatsogolera msonkhano wa ku Wannsee, m'mphepete mwa Berlin, pa 20 January 1942, umene unakonza dongosolo lopululira Ayuda onse a ku Ulaya. Pakutha pa nkhondo mu 1945, Ayuda okwana 6 miliyoni anali ataphedwa, ndipo pakati pao panali a ku Halle amene anakwezedwa sitima kupita ku misasa ya Sobibor ndi Theresienstadt. Tsono mverani ici: Heydrich anabadwira mu Halle mu 1904, anabatizidwa m'Eklezia Katolika, ndipo ali mwana anali kutumikira pa guwa. Ine amene nchito yanga ndi kukonzekeretsa ana ku masakramenti, nkhani imeneyi inandikhala pamtima ngati mwala. Madzi a ubatizo sacinga okha cidani cimene mwana adzaphunzira mawa, ngati palibe womuongola.

Citseko coyamba

Kucoka pakati pa mzinda tinayenda pansi kulowera kumpoto cakum'mawa, kudutsa miseu yabata ya nyumba zosanja, mpaka tinafika mu mseu wa Humboldtstraße, pafupi ndi nsanja yakale ya madzi. Pamenepo pali mpanda wa njerwa wozinga manda a Ayuda, ndipo pamwamba pa mpandawo pamaonekera nyumba ya tinsanja ta mitu yonga anyezi. Nyumbayi inamangidwa mu 1894 kuti ikhale yocitiramo mwambo wa maliro. Itatha nkhondo, Ayuda ocepa amene anatsala analibe sunagoge wina, motero anaikonza nyumba ya maliroyo nayamba kupempheramo. Anaipatula mu 1953. Mpingo wao unatsala pang'ono kutha, koma pambuyo pa 1990 unatsitsimuka ndi Ayuda amene anasamukira ku Germany kucokera ku maiko amene kale anali Soviet Union.

Citseko ceniceni ciri mu mpanda, moyang'ana ku mseu. Ine ndinali kuyembekeza cipata cacikulu ca citsulo, koma ndinapeza citseko ca matabwa, cosaposa ca nyumba ya munthu wamba, ndi kamera pamwamba pake. Cimene ciripo tsopano anaciika mu 2020. Cakale cija, pamodzi ndi zipsera zake za zipolopolo, anaciimika m'bwalo la m'kati kuti cikhale cikumbutso. Sitinagogode, cifukwa mlendo salowa pamenepo popanda kupangana ndi eni ake, ndipo malowo tsopano amalondedwa ndi apolisi. Tinangoima pa mseu, mwana wanga nandimasulira mau a pa cikwangwani cokumbukira ophedwa.

Nkhani yake ndi iyi. Lacitatu pa 9 October 2019 linali tsiku la Yom Kippur, Tsiku Lopepesera Macimo, limene mwambo wake timauwerenga m'buku la Levitiko mutu 16. Kwa Ayuda palibe tsiku lopatulika kuposa limeneli. Amasala cakudya ndi madzi kuyambira madzulo mpaka madzulo a mawa lake, napempha cikhululukiro kwa Mulungu ndi kwa anzao. M'sunagoge wa ku Halle munali anthu 51. Ambiri anali okalamba a mpingo wa pamalopo, ena anali acinyamata ocokera ku Berlin amene anabwera kudzapemphera nao. Panja panalibe wapolisi ngakhale mmodzi.

Ca m'ma 12 koloko masana, a m'katiwo akuwerenga Malembo, panafika galimoto. Munatuluka mnyamata wa zaka 27, atabvala cisoti ca nkhondo cimene anamangirirapo foni yojambula, atanyamula mfuti ndi mabomba zimene anapanga yekha. Colinga cake cinali kulowa ndi kupha Ayuda onse amene akanatha kupha. Anakankha citseko, osatseguka. Anaciombera ndi mfuti, osatheka. Anayesa ndi mabomba, ena nawaponya kudumpha mpanda nagwera kumanda, koma citseko cinangoti nji. A m'kati anali kuona zonsezi pa kanema wa kamera ija. Anaunjika mipando ku makomo a m'kati, nathawira m'zipinda za kumbuyo, naitana apolisi pa foni.

Mkwiyo wa cigawengaco unagwera osadziwa kanthu. Mai wina wa zaka 40, amene anali kungodutsa pa mseu, anamuombera nafera pomwepo pafupi ndi mpanda. Bambo wina amene anaima kuti athandize maiyo anapulumuka cifukwa mfuti inakana kulira. Atatero anayendetsa galimoto mamita ngati 500 kufika pa kanyumba kogulitsira cakudya ca mtundu wa ku Turkey, poganiza kuti apezamo Asilamu ndi obwera. M'menemo anapha mnyamata wa zaka 20, wa nchito yopaka penti nyumba, amene anangolowa kudzadya cakudya ca masana. Pothawa apolisi anagunda ndi galimoto munthu wina wocokera ku Somalia, ndipo pa mudzi wa Wiedersdorf anabvulaza ndi mfuti mwamuna ndi mkazi pofuna kulanda galimoto lina. Anagwidwa patapita ngati ola limodzi ndi theka, atacita ngozi pa mseu. Awiri amene anawapha sanali Ayuda. Cidani cikatuluka panja sicifunsa dzina.

Cimene cinandikhudza koposa ndi ici: a m'sunagoge aja, ali otsekeredwa kwa maola angapo, anapitiriza mapemphero a tsikulo. Madzulo anawatengera pa basi ku cipatala ca Akatolika ca St. Elisabeth mumzinda momwemo, ndipo m'menemo anamaliza pemphero lotsiriza la Yom Kippur, naliza lipenga la nyanga ya nkhosa, namasula kusala kwao. Mumzinda umene Bishopu anapitikitsamo Ayuda mu 1493, nyumba ya Akatolika inakhala sunagoge kwa madzulo amodzi.

Citseko caciwiri

Tiri ciimire pamenepo, ndinayamba kulingalira za citseko cina cimene sindinacione, ndipo palibe mlendo angakwere sitima kukaciona. Ciri pa mudzi wa Benndorf, pafupi ndi Eisleben, makilomita ngati 40 kumadzulo kwa Halle. Ndi citseko ca cipinda cimene mnyamata uja anali kudzitsekeramo m'nyumba ya amai ake. Dzina lake sindilemba, pakuti opulumuka ambiri anapempha kuti lisachulidwe. Kuchuka ndiko iye anali kufuna.

Mnyamatayu anayamba maphunziro a pa yunivesite nalekera panjira. Analibe nchito, analibe anzake oceza nao, sanali m'cipani ciri conse, ndipo apolisi sanali kumdziwa. Usana ndi usiku anali pa kompyuta. Pa intaneti pali mabwalo ena amene munthu amalembapo popanda kuulula dzina lake, ndipo palibe mkulu wodzudzula. Kumeneko ndiko anapeza mudzi wake. Anthu amene anapita kukawapha sanamlakwire kanthu, ndipo sanali kuwadziwa ngakhale maina.

Njira imene anyamata otere amayenda njodziwika, ndipo ndi bwino makolo aidziwe. Poyamba mnyamata amafika ndi kusungulumwa ndi manyazi a kulephera kwake, napeza anzake omseketsa. Nthabwala zao zimakhala zonyoza Ayuda, Asilamu, anthu akuda ndi akazi, ndipo wodandaula amamuuza kuti ndi zoseka cabe. Khutu likazolowera, amampatsa cifukwa ca mabvuto ake onse. Amamuuza kuti sanalephere yekha, koma pali anthu obisika amene alamulira ndalama, manyuzipepala ndi maboma, amenenso akubweretsa alendo kuti alande maiko a azungu, ndipo anthuwo ndi Ayuda. Potsiriza amamuonetsa oti awatsanzire, ndiwo anthu amene anapha kale anzao. Otere amawatamanda ngati ngwazi, ndipo mitembo amaiwerenga monga mmene awerengera zigoli m'masewera a pa kompyuta.

Oti awatsanzire analipo ndithu. Pa 27 October 2018 munthu wina anapha anthu 11 m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh, m'dziko la America, atangolemba pa intaneti mau oimba mlandu bungwe la Ciyuda lothandiza othawa kwao. Pa 15 March 2019 wina anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, akuonetsa ciwembuco pa Facebook nthawi yomweyo. Pa 27 April caka comweco mnyamata wa zaka 19 anaombera m'sunagoge wa ku Poway, ku California, napha mai mmodzi. Wa ku Halle anabvomera yekha kuti anatengera citsanzo ca ku Christchurch. Naye anaulutsa ciwembu cake kwa mphindi 35 pa Twitch, bwalo la oonera masewera a pa kompyuta, ndipo mau ake oyamba analankhula m'Cingerezi kuti amve a maiko onse. Eni a Twitch ananena kuti anthu 5 anaonera pa nthawi yomweyo, ndi ena pafupifupi 2,200 pambuyo pake, kanemayo asanacotsedwe. Koma pamene anali kumcotsa, ena anali atamkopera kale ndi kumfalitsa kwina.

Makinawo ndi atsopano, koma bodza lake ndi lakale lija la nthawi ya Moritzburg, langosintha malaya. Nkhani yakuti Ayuda alamulira dziko mobisa inafalitsidwa kwambiri ndi kabuku kacinyengo, The Protocols of the Elders of Zion, kamene kanatuluka ku Russia mu 1903. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inatsimikiza mu 1921 kuti kabukuko nkopeka, ndipo mbali zake zambiri anazikopera m'buku lina la Cifalansa losakamba za Ayuda konse. Komabe a Nazi anakagwiritsa nchito, ndipo mpaka lero kali pa intaneti m'zinenero zambiri. Kale bodza linali kufuna mlaliki, wosindikiza mabuku kapena cipani kuti liyende. Lero limalowa lokha m'cipinda ca mwana usiku, makolo ali m'tulo.

Mlandu unazengedwa ku Magdeburg kuyambira mwezi wa July 2020, ndipo pa 21 December 2020 khoti linamlamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Sanaonetse kulapa. Makolo ake anakana kucitira umboni, monga lamulo la kumeneko liwalola, ndipo ine sindiwaweruza, pakuti nane ndine kholo. Koma funso limene opulumuka ena anafunsa silinandicoke m'mutu: zitheka bwanji munthu kusula mfuti ndi kusonkhezera cidani cotere kwa miyezi ndi zaka, pakati pa abale ndi anansi, popanda womfunsa kapena womtsutsa? Citseko ca ku Humboldtstraße cinapulumutsa anthu cifukwa cinakana kutseguka. Ca ku Benndorf cinataya munthu cifukwa panalibe wocitsegula.

Pa kanyumba ka cakudya

Tisanabwerere tinatsata njira imene iye anayenda, mpaka mu mseu wa Ludwig-Wucherer-Straße, pa kanyumba kaja. Ndi ulendo wa mphindi zocepa wapansi. Pamenepanso pali cikwangwani ca cikumbutso. Citacitika ciwembu, mwini wake anapereka malondawo kwa anyamata awiri apacibale ocokera ku Turkey, amene anali kugwira nchito m'menemo ndipo anapulumuka tsiku lija. Malonda sanayende. Anthu anali kuzengereza kudyera pamalo pamene panafera munthu, ndipo mliri wa korona unaonjezera mabvuto. Pakati pa amene anasonkha ndalama zowathandiza panali ophunzira aciyuda a m'mayunivesite a ku Germany, pamodzi ndi ena mwa opulumuka a m'sunagoge. Anakonza malowo nawatsegulanso mu 2021 monga nyumba ya tiyi ndi cakudya ca m'mawa, koma mu 2022 anatseka cifukwa ca kucepa kwa ogula, ndipo pambuyo pake anawasandutsa malo okumbukira ndi okumanirana. Wakupha uja anafuna kuti Myuda ndi wobwera afe tsiku limodzi. M'malo mwake anawasandutsa abale olira maliro amodzi. Iwo anamvetsa cimene akuluakulu athu ananena, kuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Zimene ndinabwera nazo

Ambiri a ife kuno sitinakumanepo ndi Myuda, ngakhale kuti dziko lathu linalandira mazana angapo a Ayuda othawa boma la Nazi m'zaka za 1938 ndi 1939, ndipo Simon Zukas, amene anamenyera nao ufulu wa dziko lino, anali Myuda wobadwira ku Lithuania. Koma dzina lakuti Ayuda timalimva caka ndi caka pa Lacisanu Loyera, ndipo ine ndaona ana a katekisimu akusokoneza Myuda ndi Yudasi. Ndibvomere kuti pa zaka zanga zoyamba za uphunzitsi sindinali kuwaongola. Ndinali kuyesa kuti ndi kanthu kocepa. Pa khomo lopanda nyumba lija ndinazindikira kuti sikocepa ai.

Eklezia anatiunikira kale pa nkhani imeneyi. Pa 28 October 1965 Msonkhano Waciwiri wa Vatikani unatulutsa cikalata ca Nostra Aetate. Cikalataco ciphunzitsa kuti mlandu wa imfa ya Ambuye suyenera kuikidwa pa Ayuda onse a nthawi ija kapena pa Ayuda a lero, kuti Ayuda asanenedwe ngati okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu, ndipo cidzudzula cidani ciri conse cocitira Ayuda. Pa 13 April 1986 Papa Yohane Paulo Waciwiri analowa m'sunagoge wamkulu wa ku Roma nawachula Ayuda kuti ndi akulu athu. Ambuye Yesu, Amai Maria, Yosefe woyera ndi atumwi onse anali Ayuda, ndipo masalimo amene tiimba pa Misa ndi omwewo amene amapempheredwa kuseri kwa citseko ca ku Halle. Aphunzitsi anzanga, ana athu ayenera kumva zimenezi kwa ife asanamve zina kwa wosadziwika dzina.

Pakuti intaneti imene inafika ku Benndorf ndi yomweyo iri m'matumba a ana athu. Kuno mwina bodza silidzachula Myuda. Lingachule mtundu wina, cipembedzo cina kapena obwera. Tikumbukira mwezi wa April 2016 ku Lusaka, pamene mphekesera yakuti alendo ndiwo anali kupha anthu ndi kuwacotsa ziwalo inacititsa kuti masitolo a anthu ocokera ku Rwanda afunkhidwe, ndipo ambiri anathawira ku chalichi ca St. Ignatius. Zitseko zolimba ndi alonda nzofunika, ndipo ku Halle zinaoneka kufunika kwake. Koma citseko cimangoimitsa munthu amene cidani camaliza kale kumumanga.

M'sitima pobwerera ku Leipzig mwana wanga anatulutsa foni nayamba kuwerenga. Ndinamfunsa kuti: "Kodi ukuwerenga ciani, mwananga?" Anandiyang'ana modabwa, pakuti cikhalire sindinamfunsepo funso lotere. Anasendera pafupi nandionetsa. Zinali za mpira cabe. Anakhala cete pang'ono, kenaka anati: "Atate, funso limeneli mukamfunsenso mng'ono wanga kunyumba. Uja amagona mocedwa, ndipo sindidziwa amene amaceza nao."

Nditafika kwathu, usiku woyamba womwewo ndinaona kuwala pansi pa citseko ca mzime wanga. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Sitinakambe zazikulu usiku umenewo, ndipo iye sanakondwere kwenikweni ndi mlendo wa nthawi yotere. Koma ndakhala ndikubwererako, nthawi zina kungomva zimene wapeza, nthawi zina kutsutsana naye, ndipo masiku ano citsekoco amacisiya cotsegula pang'ono.

Makolo anzanga, kuongola mtengo mpoyamba. Tiwakumbukire m'mapemphero athu mai ndi mnyamata amene anaphedwa ku Halle, abale ao, ndi onse amene amapemphera kuseri kwa zitseko zokhoma cifukwa ca mantha. Ndipo usiku uno, tikatha kolona ya pabanja, tione ngati m'nyumba mwathu muli citseko cimene ciyembekeza kugogoda kwathu.